Ekisitenshoni yanga inasungunuka chifukwa cha samu ya ku Fomu 3

Inali June, nthawi ija kumazizira moti madzi osamba umachita kuwaopa, nde mmawa wina kunyumba kwathu ku Area 25 aliyense anali pa changu. Mlamu wanga anabwera kudzacheza, iye waika ketulo ya tiyi, mayi akunyumba atereka phala mbali imodzi ya hotipuleti mbali inayo madzi osamba ana, ine ndikusita malaya opita nawo kuntchito, zonsezi pa ekisitenshoni imodzi ya mabowo anayi yomwe ndinagula pa Malangalanga. Sipanadutse nthawi tinangomva fungo la pulasitiki yopserera. Kusuzumira kuseri kwa kabati, pulagi yafewa ngati phula, waya osagwirika kutentha. Mwayi wake ndinazimitsa pakhoma msanga.

Madzulo ake ndinaitana madala ena a mzere wathu omwe amapanga za magetsi. Atatsegula pulagi ija anangondiyang'ana. Pamalo a fyuzi panali titimawaya tomwe ndinakulungapo ndekha miyezi ingapo mmbuyomo fyuzi itapsa, ndikuti ndigula mawa, mawa lake osafika.

"Achimwene, kusukulu fizikisi munalemba?"

"Ndinalemba madala, ndinakhozanso."

"Nde tawerengani apa."

Anatola chikatoni ndikulemba manambala omwe ali pansi pa zipangizo zija. Ketulo 2000 W, hotipuleti 2000 W mbali zonse zikayaka, ayironi 1200 W. Kuphatikiza 5200. Kugawa ndi 230, yankho 22.6. Kenako anandionetsa pa pulagi pomwe palembedwa 13 A. Basi, sanalankhulenso zambiri, anangoti ndiwapatse ya fanta.

Samu imeneyo nde ndikufuna tiyione bwinobwino, chifukwa ambirife tinayiloweza kuti tikhoze MSCE kenako nkuisiya mholo yolembera mayeso, chonsecho ili mkhitchini mwathumu tsiku ndi tsiku.

Pali zinthu zitatu. Volteji, karenti ndi rezisitansi. Ganizani za thanki ya madzi yomwe ili pamwamba pa sitandi. Thanki ikakhala pamwamba kwambiri madzi amatsika ndi mphamvu, kukankha kumeneko nde volteji, timayeza mu ma volt. Kuchuluka kwa madzi omwe akudutsa mpaipi pa sekondi iliyonse nde karenti, mu ma amp. Paipi yokhayo, kuti ndi yotakasuka kapena yopanikiza kapena mwalowa zinyalala, nde rezisitansi, mu ma ohm. Thanki yomweyo, paipi yaikulu madzi ambiri, kapaipi kakang'ono madzi a dontho. Fanizoli lili ndi polekezera pake, paja paipi mukaidula madzi amatayika pansi pomwe waya mukaudula magetsi amangoima, amafuna njira yozungulira yobwerera komwe achokera. Koma pomvetsa samuyi ndi lokwanira.

Maina onsewa ndi a anthu. Volt ndi Alessandro Volta wa ku Italy amene anapanga batire loyamba mu 1800, amp ndi André-Marie Ampère wa ku France, watt ndi James Watt wa ku Scotland uja wa mainjini a nthunzi, pomwe ohm ndi Georg Ohm, mphunzitsi wa ku Germany amene mu 1827 anasindikiza lamulo lomwe tikukambali. Lamulo lake ndi lakuti V = I × R. V volteji, R rezisitansi, I karenti. Ndinkadabwa kusukulu kuti karenti bwanji I osati C, kunapezeka kuti zinachokera ku liwu la Chifalansa. Mukadziwa ziwiri chachitatu mumachipeza, R = V ÷ I, ndipo I = V ÷ R. Palibenso china chobisika.

Chachinayi ndi pawa, ma watt aja alembedwa pa chipangizo chilichonse, kutanthauza liwiro lomwe chinthucho chikudyera magetsi. P = V × I. Kuno ku Malawi pa soketi timalandira 230 V, nde chipangizo chilichonse chotenthetsa mukafuna kudziwa ma amp omwe chimakoka mungotenga ma watt ake kugawa ndi 230. Ketulo ya 2000 W ikoka 8.7 A. Ayironi ya 1200 W ikoka 5.2 A. Mbali imodzi ya hotipuleti ya 1000 W ikoka 4.3 A. Ine ndimangosunga mmutu kuti 1000 W iliyonse ndi ma amp anayi ndi kanthu pang'ono, zimandikwanira ndili mshopu. Mukatembenuza, pulagi zathu za mano atatu zija malire ake ndi 13 A, kutaimusa ndi 230 ndi 2990 W, tingoti 3000. Ekisitenshoni olo ikhale ndi mabowo 6, zonse zimakadutsa pa pulagi imodzi ndi waya umodzi, mabowo sawonjezera kalikonse. Ndipo zina zotchipa zija mukazisenda mupeza pulasitiki ndi yonenepa koma kopa wake tsitsi lenileni, 13 yo sizifikako nkomwe.

Tsopano rezisitansi ya ketulo ija. R = V ÷ I, nde 230 kugawa ndi 8.7 ikutipatsa ma ohm 26 ndi theka. Nambala imeneyi si ya papepala pokha, mutha kuiona ndi maso. Tengani multimeter, kachipangizo koyezera ma volt, ma amp ndi ma ohm, ikani pa chizindikiro cha Ω, ketulo muizule kukhoma, itsegulidwe pa switchi yake ili pa chokhalira chake, gusani timitengo tiwiri tija pa mano awiri afupiafupi a pulagi. Ikaonetsa 26 kapena 27 elementi ili moyo. Ikaonetsa OL kapena 1 yekha kumanzere ndekuti penapake njira yaduka, kaya elementi kaya fyuzi kaya switchi, muyambe kufufuza chimodzichimodzi musanataye ketulo yonse. Hotipuleti ya 1000 W muyembekezere ma ohm 53, ayironi ya 1200 W ma ohm 44. Apa pali chomwe chimasokoneza anthu, chipangizo champhamvu ndi chomwe chili ndi rezisitansi yochepa, chifukwa paipi yake ndi yotakasuka, karenti ikudutsa yambiri. Ambiri amaganiza mosemphanitsa, kuti chotentha kwambiri nde chili ndi rezisitansi yambiri. Pa soketi ya 230 V ayi.

Chenjezo limodzi pa multimeter, ma ohm sayezedwa pa chinthu choti chili pa magetsi, ndipo mita ili pa ma amp musayerekeze kuilowetsa mmabowo a soketi. Ikakhala pa ma amp mitayo mkati mwake imakhala ngati waya wamba, mwapanga shoti ndi manja anu. Ofuna kuyeza karenti mnyumba amagwiritsa ntchito clamp meter, ija imangokumbatira waya umodzi osausenda.

Mukaphatikiza malamulo awiri aja mumapeza ena awiri, ndipo kwa ine apa nde pali nkhani yonse. Poti V = I × R, mukaika mu P = V × I mupeza P = I × I × R. Mukalowera mbali inayo mupeza P = V × V ÷ R. Onani kuti karenti ikudzitaimusa yokha, volteji nayonso ikudzitaimusa yokha. Kutanthauza kuti zinthu sizikwera mwa ndawala. Karenti ikawirikiza kawiri kutentha kwa waya kumawirikiza kanayi, ikawirikiza katatu kutentha ka 9.

Tibwerere ku ekisitenshoni yanga. Inapangidwira 13 A, ine ndinaisenzetsa 22.6 A. Mongoyang'ana ungati aa, sikufika olo kawiri, ipirira. Koma 13 × 13 ndi 169, pomwe 22.6 × 22.6 ndi 511. Waya uja amatentha katatu kuposa malire ake, ali wopindapinda kuseri kwa kabati kopanda mphepo. Fyuzi ntchito yake inali yoti iduke iyoyo waya asanapse, ndi kawaya kopyapyala dala kuti kasungunuke koyamba. Sikuti imaduka pompo karenti ikangofika 14, imapirira kanthawi, koma ikapitirira kwambiri imadzipereka. Ine mlonda ameneyu ndinamuchotsa ntchito ndikuikapo kopa woti sangasungunuke mpaka nyumba itayaka. Ena amaikapo msomali, ena pepala lonyezimira la mpaketi ya fodya, tonse ndife amodzi.

Madala aja anandionetsanso china chomwe sindinkachiganizira. Soketi ya pakhoma inali itada mbali imodzi, bowo limodzi lokha. Anati sikulufu ya waya inali yosamanga bwino. Polumikiza pakakhala polobodoka kapena pa dzimbiri pamabadwa karezisitansi kakang'ono, tinene theka la ohm. Theka la ohm ndi chani, ungatero. Koma ikani ketulo yokha, 8.7 × 8.7 × 0.5, mupeza 38 W. Soldering iron yomwe anyamata okonza mafoni amasungunulira mtovu imakhala 30 kapena 40 W. Nde muli ndi soldering iron yobisala mkhoma, pa kamalo kochepa ngati njere ya chimanga, ndipo bureka singagwe chifukwa karenti yake ndi yabwinobwino, 8.7 basi. Pamalo omwewo mukachajirapo foni simudzamva kalikonse zaka ndi zaka, chifukwa chaja imakoka karenti yochepetsetsa. Ndichifukwa chake anthu amati soketi inali bwinobwino yangopsa lero, pomwe lero nde tsiku loyamba kuikapo hita. Pulagi ikamatentha mukaigwira, kapena soketi ikamalira tsetsetse, musadikire.

Lamulo linalo, V × V ÷ R, limafotokoza madandaulo a madzulo aja akuti magetsi afooka. Nthawi yoti aliyense waweruka, mzere onse ukuphika, makamaka ngati nyumba yanu ili kutali ndi thiransifoma, volteji imatsika chifukwa mawaya a mmapolo nawonso ali ndi rezisitansi yawo. Tinene yatsika kuchoka 230 kufika 200. Ketulo ija rezisitansi yake sinasinthe, ikadali 26 ndi theka, nde 200 × 200 kugawa ndi 26.5 ndi 1510 W. Volteji yatsika ndi 13 pa 100 koma mphamvu ya ketulo yatsika ndi pafupifupi kota. Madzi okwana lita ndi theka omwe amawira pa mphindi 4 atenga mphindi 5 ndi kanthu, nsima pa hotipuleti kuchita kuinyengerera. Apa mpomwe mumazindikira kuti 2000 W yolembedwa pansi pa ketulo si lonjezo, ndi 2000 pokhapokha ilandire volteji yomwe anaipangira. Chomwe ketuloyo ili nacho chakechake ndi ma ohm aja basi.

Koma musatenge samu ya ketulo nkukaipaka pa chilichonse. Imagwira ndendende pa zotenthetsa, ketulo, ayironi, giza, hita, kuka. Filiji ndi pampu ya madzi ndi nkhani ina chifukwa muli mota. Mota volteji ikatsika simangofooka mwaulemu ngati ketulo, imalimbana ndi katundu yemweyo nde imakoka karenti yambiri nkumatentha, ndipo polira poyamba imakoka kangapo kuposa ikamayenda. Ndichifukwa chake fridge guard ndi yofunika, imadula volteji ikatsika kapena kukwera mopyola ndipo imadikira kaye magetsi akangobwera. Pa zinthu za mota ndi zina zamakono V × I sikupatsani ma watt enieni, imakupatsani chomwe amalemba kuti VA, chomwe chimakhala chokwererapo kuposa ma watt. Nde mukaona inveta kapena jenereta yalembedwa 1000 VA musawerengere 1000 W, zambiri zimapereka 800 W kapena kucheperapo, werengani pa kabokosi. Chaja ya laputopu nayo ina, palembedwa 100 mpaka 240 V, volteji ikatsika imangokoka karenti yochulukirapo kuti pawa ikhale yomweyo.

Olo babu lakale lija la kawaya mkati limanamiza multimeter. La 100 W pa samu likuyenera kukhala 230 × 230 ÷ 100, ma ohm 529. Liyezeni lili lozizira mupeza ma ohm makumi ochepa chabe. Sikuti mita yafa, kawaya kaja rezisitansi yake imakwera kakatentha, kupitirira ka 10. Nde pa kamphindi koyatsa kaja karenti imalowa yambiri kawaya kasanatenthe, nchifukwa chake mababu amenewa ankakonda kupsa pomwe wangodina switchi, osati pakati pa usiku akuyaka.

Tsopano a sola, bwerani pafupi chifukwa inu nde samuyi imakulumani kwambiri. Ambirife tili ndi kapanelo padenga, batire la 12 V ndi inveta yoti tizionera mpira magetsi akathima. Tinene TV, dikoda, mababu ndi laputopu zonse pamodzi zikudya 300 W. Mbali ya 230 V imeneyo ndi 1.3 A, kawaya kalikonse kanyamula. Koma mbali ya batire, 300 kugawa ndi 12 ndi 25 A, osawerengera zomwe inveta imadya payokha. Pawa yomweyo, karenti pafupifupi ka 20. Mnzanga wina ku Kawale anaika batire kuchipinda inveta pabalaza, mtunda wa mamita 5, ndikulumikiza ndi waya wa 1.5 uja wa mababu. Waya wa kopa wa 1.5 mm² uli ndi ma ohm pafupifupi 0.012 pa mita, ndipo muwerenge kupita ndi kubwera, mamita 10, nde 0.12. Kutaimusa ndi 25 A, ma volt atatu athera mnjira. Batire lili pa 12 inveta ikulandira 9, ikungolira tii tii kuti batire latha chonsecho ladzadza masana onse. Ndipo 25 × 25 × 0.12 ndi 75 W yongotenthetsa waya. Iye anali atatsala pang'ono kukabweza batire kuti anamugulitsa lakufa. Tinangosuntha inveta kuiika pambali pa batire ndi mawaya onenepa aafupi, nkhani inathera pomwepo. Waya womwewo wa mamita 10 ukanakhala mbali ya 230 V ukanataya 0.2 W yokha, yosaoneka nkomwe. Taonani kunenepa kwa mawaya a pa batire la galimoto, sikuti anangofuna kuwononga kopa.

Nchifukwa chomwechonso magetsi ochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire sabwera ku Lilongwe kuno pa 230 V. Akanathera mnjira asanafike olo pa Balaka. Amawakweza kufika ma volt masauzande, 66,000, 132,000, ndipo laini ya Phombeya kufika ku Nkhoma ndi ya 400,000 V, kuti karenti ichepe, paja zotayika zimayendera karenti kudzitaimusa yokha. Akafika mtauni amawatsitsa pang'onopang'ono, 33,000, 11,000, mpaka thiransifoma ya mdera lanu ikupatseni 230.

Batire nalo liwerengeni. Lolembedwa 100 Ah (ma amp kutaimusa maola) pa 12 V ndi 100 × 12, ma watt-hour 1200. Koma mabatire a asidi aja safuna kukamulidwa mpaka kuuma, mukafuna likhalitse mugwiritse theka, nde muli ndi 600. Katundu wa 300 W uja ndi maola awiri basi, mpira umodzi ndi zokambirana zake. Nde wina amafuna aikepo ketulo ya 2000 W, pa 12 V imeneyo ndi ma amp opitirira 160, kkkk aise gulani makala.

Za mayunitsi ndi zachidule. Yuniti imodzi yomwe timagula ku ESCOM ndi kilowatt-hour, kutanthauza 1000 W kwa ola limodzi. Ma watt kutaimusa maola kugawa ndi 1000. Nyemba zouma pa mbali imodzi ya hotipuleti maola atatu ndi mayunitsi mpaka atatu. Ketulo olo ili ya 2000 W imangoyaka mphindi 4, sikufika olo kota ya yuniti. Babu lakale la 100 W maola 6 tsiku lililonse pamwezi ndi mayunitsi 18, la LED la 9 W nthawi yomweyo ndi 1.6. Chaja ya foni ya 5 V ndi 2 A ndi 10 W, iyenera kuchaja maola 100 kuti imalize yuniti imodzi, nde a landilodi omwe amakalipira ana a lendi kuti mafoni akutha magetsi pomwe giza yawo ili chiyakire usiku onse, chonde tengani pensulo. Pa mita zambiri za ESCOM pali kagetsi kofiira kothwanima ndipo pambali pake amalemba kuti kamathwanima kangati pa yuniti. Ngati palembedwa 1000, ketulo ya 2000 W ikayaka yokha kazithwanima pafupifupi masekondi awiri aliwonse, mutha kugwira chipangizo chakuba mayunitsi pongozimitsa chimodzichimodzi mukuyang'ana kagetsiko.

Thupi la munthu nalo ndi rezisitansi, ndipo lamulo la Ohm silisankha. Khungu louma limatchinga kwambiri, koma mukanyowa, muli osavala nsapato pa simenti ya kubafa, thupi limatha kutsika kufika ma ohm 1000 kapena pafupi pamenepo. 230 kugawa ndi 1000 ndi 0.23 A. Ikuoneka yochepa poyerekeza ndi ya ketulo, koma mtima umasokonezeka ndi karenti yochepa kuposa pamenepo, nchifukwa chake earth leakage ya pa bolodi, switchi ija imadula magetsi akamathawira pansi, amaipanga kuti izigwa pa 0.03 A. Fyuzi ya 13 A singakupulumutseni, iyo imateteza waya, munthu akugwidwa nyesi iyo sikumva kanthu. Nde zija zowiritsa madzi osamba ndi kaelementi kolowetsa mndowa nkumapisamo chala kuti timve ngati atentha, zimitsani kaye pakhoma. Batire la 12 V mutha kugwira mitu yonse iwiri ndi manja osamva kanthu chifukwa 12 sangakankhe karenti yokwanira pa khungu, koma sipanala ikagwera pa mitu iwiriyo, rezisitansi yake pafupifupi ziro, ma amp mahandiredi, imachita kufiira.

Kwathu pano ketulo ili ndi soketi yakeyake pakhoma, hotipuleti inanso, ekisitenshoni yatsopano inatsalira TV, dikoda ndi machaja, zonse pamodzi sizifika olo 2 A. Mafyuzi ndinagula paketi yonse ali mu dirowa, a 13 a zotenthetsa ndi a 3 a tinthu ting'onoting'ono. Chikatoni chija madala anachisiya pa windo, mlamu wanga atabweranso mwezi watha anachiona nkufunsa kuti 22.6 ndi ngongole ya ndani.